Injini Ikagogoda, Imani Kaye

Pali mawu awiri amene apha magalimoto ambiri kuno kwa Mwase kuposa maenje a mu msewu, ndipo mawuwo ndi akuti "tifike kaye." Amawayamba ndi dalaivala, mwini katundu n'kuvomereza, okwera pamwamba pa matumba n'kuthirapo ndemanga yakuti dzuwa lapendeka. Pamenepo n'kuti injini ikugogoda ndipo kanyale kofiira ka oyilo kakuphethira. Onse amva, onse aona, koma agwirizana kuti nkhaniyo akaiona akafika ku boma. Ife a pasukulu pano tikufuna kunena mosapita m'mbali kuti chizolowezi chimenechi n'chowononga, ndi kuti mlimi amene ali ndi galimoto, thirakitala kapena chigayo ayenera kudziwa kalilidwe ka injini yake monga amadziwira katsokomoledwe ka ng'ombe yake.

Sitikulankhula ngati anthu amene sanalakwepo. Chaka china, nthawi yogulitsa soya, galimoto yathu yakale ya dizilo inanyamuka pano itasenza matumba kulowera ku Lundazi. Tisanapite patali, wophunzira wina amene anakhala nafe kutsogolo anati, "Aphunzitsi, kodi mukumva? Pansipa pali chimene chikugunda." Tinamvadi, koma mitima yathu inali pa wogula amene ankatidikira ndi pa mtengo umene unali wabwino sabata imeneyo. Tinamuyankha kuti injini zakale zimalira choncho. Patangotsala pang'ono kuti tifike, kunamveka chiphokoso chimodzi chachikulu, injini n'kuzima, oyilo n'kukhuthukira mu msewu. Chitsulo chimene chimalumikiza pisitoni ku crankshaft chinathyoka n'kuboola buloko ya injini m'mbali. Soya tinakamufikitsa pa galimoto ya hayala, ndipo yathuyo inakhala pa njerwa mpaka mvula inagwa. Amakaniko amene anaimasula anatiuza kuti tikadaima pamene wophunzira uja ananena, tikadangogula ma bearing ndi kupalitsa crankshaft. Popeza sitinaime, tinagula injini ina.

Nkhani ya injini ili pakati penipeni pa ulimi wathu. Ambiri a inu amene munaphunzira pano tsopano muli ndi Hilux yakale, Canter kapena Dyna, ena panokha, ena m'magulu ndi m'makopaletivu. Ena muli ndi thirakitala ya Massey Ferguson, ena chigayo kapena makina otongolera chimanga oyendera dizilo. Magalimoto ambiri otere anachokera ku Japan atagwirako kale ntchito, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pa Nakonde, ndipo asanafike kuno anadutsa m'manja ambiri ku Lusaka ndi ku Chipata. Ukalamba wake si mlandu, pakuti injini zakalezi n'zosavuta kuzimvetsa ndipo zida zake zimapezeka. Vuto lathu ndi mtunda. Kuchokera ku Lundazi kukafika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 180, ndipo ntchito zina zopala zitsulo zimafuna kukafika ku Lusaka. Chimene munthu wa m'tauni amachikonza pa masiku atatu, ife chimatidyera nyengo yonse yogulitsa chimanga, nshawa ndi thonje.

Kuti timvetse chifukwa chake kuima n'kofunika, tiyeni tisuzumire m'kati mwa injini. Mafuta akayaka mu silinda amakankhira pisitoni pansi, ndipo pisitoniyo imazunguza crankshaft kudzera pa chitsulo chija chinatithyokera. Pamene chitsulocho chimagwira crankshaft pali ma bearing, tizitsulo tofewa tooneka ngati zibangili zodula pakati. Injini ikamayenda bwino, crankshaft ndi bearing sizikhudzana konse. Pakati pake pamakhala oyilo wopopedwa mwamphamvu, m'kampata kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Oyiloyo akachepa, akalowedwa ndi fumbi, kapena akasanduka wamadzimadzi chifukwa cha kutentha, zitsulo zimayamba kudyana, mpata umakula, ndipo chitsulo chimamenya chinzake. Kumenyanako ndiko kugogoda kumene timamva. Injini imene ikuzungulira ka 2,000 pa mphindi imakhala itazungulira ka 120,000 pa ola limodzi. Munthu amene akuti "tifike kaye" akuloleza nyundo kuti imenye pa bala lomwelo maulendo ochuluka chotero. Akale ananena kuti ng'oma yolira sichedwa kung'ambika.

Wina anganene kuti, ngati zili choncho, ndiye kuti sitidzafika kulikonse, chifukwa galimoto yakale silephera kulira penapake. Ameneyo akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake tikuti kuima kokha sikukwanira, pafunikanso kudziwa. Si kugogoda konse kumene kumapha injini. Ya dizilo imalira mwaphokoso mwa chibadwa chake, chifukwa mafuta ake amayaka okha akathiridwa mu mpweya wopanikizidwa kwambiri. M'mawa wa Juni ndi Julayi, zitsulo zili zozizira, dizilo amachedwa pang'ono kuyaka kenaka n'kuyaka kamodzin'kamodzi, ndipo phokoso limakula. Injini ikatentha limachepa. Kulira kumeneku n'kwa masiku onse, ndipo amene sakudziwa sangazindikire tsiku limene kwasintha.

Kulira kwina n'kwa pamwamba pa injini, kopepuka, konga kwa makina osokera. Kawirikawiri kumachokera ku mavalavu amene mpata wake wakula. Pa injini zambiri zakale mpatawu umakhala pakati pa 0.2 ndi 0.4 mm, ndipo amakaniko amaubweza m'malo mwake ndi sipanala ndi tizitsulo topyapyala toyezera, potsatira buku la injiniyo. Ngati oyilo ali wokwanira, galimoto yotere ikhoza kufika kunyumba. Koma osaisiya choncho miyezi, ndiponso osamanga mavalavu mopitirira pofuna kuti akhale chete, chifukwa valavu yosatseka bwino imapsa.

Injini ya petulo ili ndi kulira kwakekwake, konga timiyala togwedezedwa m'chitini, kumene kumamveka pokwera chitunda pa giya yaikulu kapena posenza katundu wolemera. Apa petulo akuphulika mosalongosoka m'malo moyaka bwinobwino. Zoyambitsa zake ndi petulo wosayenera, moto wa mapulagi wobwera msanga chifukwa timing yasokonekera, mwaye wochuluka mu silinda, kapena injini yotentha kwambiri. Mukatsitsa giya phokosolo limatha, ndipo mukhoza kuyenda mofatsa. Koma likalekereredwa limaboola pisitoni, choncho pafunika kuonetsa timing, mapulagi ndi radiyeta sabata yomweyo.

Pa injini ya dizilo, kugogoda kokuthwa kumene kumabwera pamodzi ndi utsi wakuda kapena woyera, injini ikunjenjemera, nthawi zambiri kumachokera ku injector imene ikudontheza mafuta m'malo mowawaza ngati nkhungu, kapena ku timing ya pampu, kapena ku dizilo wosakanizidwa ndi madzi kapena palafini. Kukonza injector n'kotchipa poyerekeza ndi kumasula injini, koma injector yodontha ikasiyidwa imasungunula pisitoni ndi kusukulutsa oyilo. Palinso kugogoda kwa pisitoni imene yatakasuka mu silinda yake. Kumeneku kumamveka kwambiri injini ili yozizira, n'kumachepa ikatentha. Ndi chizindikiro cha ukalamba, ndipo chimakupatsani nthawi yosonkhanitsa ndalama.

Kugogoda kumene sikupereka nthawi ndi kwa ma bearing. Kumamveka pansi pa injini, n'kolemera ngati munthu akumenya chitsulo ndi nyundo m'kati mwa mgolo, kumathamanga mukaponda moto, ndipo kumakula injini ikatentha chifukwa oyilo wotentha amapyapyala. Nthawi zambiri kanyale ka oyilo kamaphethira injini ikamalira pang'onopang'ono. Tizikumbukira kuti kanyale kameneka sikayaka oyilo akangochepa pang'ono ayi, kamayaka mphamvu yopopera oyilo itatsika kale kwambiri. Mukamva kugogoda kotere, kapena mukaona kanyaleko kakuyaka galimoto ikuyenda, palibenso zokambirana. Patukani, zimitsani injini.

Mukaima, pali zinthu zimene mlimi aliyense angachite popanda zida zodula. Dikirani mphindi 10 kuti oyilo atsikire pansi, kenaka solani ndodo yoyezera. Onani ngati oyilo wafika pa mzere wake. Pakani pang'ono pa chala n'kuyang'ana padzuwa. Ngati muli tinthu tonyezimira ngati mkuwa kapena siliva, ma bearing ayamba kudyeka. Ngati oyilo waoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowamo. Ngati wachuluka kuposa mmene munathirira ndipo akununkha dizilo, mafuta akulowa mu oyilo. Suzumirani pansi pa galimoto muone ngati pali podontha. Chivundikiro cha radiyeta musachitsegule injini ili yotentha, chifukwa madzi ake amatumpha n'kuwotcha nkhope ndi manja.

Ngati oyilo ali wokwanira ndiponso woyera, ndipo kanyale sikakuyaka, mukhoza kuliza injini kwa kanthawi kuti mupeze pamene phokoso likuchokera. Tengani sikuludiraiva yaitali kapena kandodo kouma, nsonga imodzi muikhazike pa injini, inayo pa khutu, ndipo musunthe kuyambira pamwamba mpaka pansi. Phokoso limakula mukayandikira gwero lake. Samalani ndi fani ndi malamba, ndipo chitenje kapena malaya olendewera akhale kutali. Kawirikawiri mudzapeza kuti chimene chikulira si injini yeniyeniyo. Mwina ndi pampu ya madzi, alternator, mabawuti omasuka, mphira zimene injini imakhalapo, kapena ekizozi imene ikutulutsa mpweya polumikizira. Mukachotsa fanibeluti n'kuliza injini kwa mphindi imodzi yokha, phokoso n'kutha, dziwani kuti vuto lili pa zinthu zimene lambayo amazunguza. Ambiri amasulitsa injini yonse pamene cholakwa chinali bawuti imodzi.

Amakaniko ali ndi njira inanso imene ndi bwino kuidziwa kuti muzitsatira zimene akuchita. Amazimitsa silinda imodziimodzi injini ikulira. Pa ya petulo amachotsa waya wa pulagi, pa ya dizilo yakale amamasula pang'ono nati ya paipi yopita ku injector. Phokoso likatha kapena kuchepa pa silinda ina, wolakwa ali momwemo. Kenaka amasinthanitsa injector imeneyo ndi ya silinda ina. Phokoso likasamuka nayo, ndiye kuti vuto ndi injector, koma likatsalira pomwepo, vuto lili pa pisitoni kapena bearing. Ntchito imeneyi si ya wongoyamba kumene, chifukwa dizilo wa m'mapaipi amenewo ali ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo pa injini zatsopano zoyendera kompyuta sichitika n'komwe.

Tsopano tibwere ku mfundo imene imavuta kwambiri. Nanga ngati m'galimotomo muli wodwala, kapena mayi amene nthawi yake yakwana? Sitingauze munthu kuti asunge injini n'kutaya moyo. Moyo ndi woposa chitsulo chilichonse. Komabe tiganizire bwino. Injini imene ma bearing ake akugogoda ikhoza kufa pakati pa tchire, pamalo popanda mudzi ndiponso popanda netiweki, ndipo wodwalayo adzakhala pa mavuto oposa oyamba. Nzeru ndi kuimba foni nthawi yomweyo kugogoda kwayamba, kuti galimoto ina inyamuke kudzakumana nanu. Ndipo tinene zoona, masiku ambiri amene timati "tifike kaye" sitinyamula odwala. Timanyamula matumba, ndipo thumba la chimanga silifa chifukwa chogona usiku umodzi m'mbali mwa msewu pali mlonda.

Ena amati alibe ndalama zokonzetsera, choncho ndi bwino galimoto igwirebe ntchito mpaka ndalamazo zipezeke. Maganizo amenewa amamveka anzeru, koma ndi amene amasandutsa ngongole yaing'ono kukhala yaikulu. Galimoto imene yaima pa bwalo sionjezera kuwonongeka. Ikaima pa tsiku loyamba, mwina crankshaft ingofunika kupala pang'ono. Ikayenda sabata ina, crankshaft imapsa kapena kung'aluka, ndipo chitsulo chikathyoka buloko imapita nayo. Kubwereka ngolo kapena kulipira galimoto ya mnzanu kwa milungu iwiri kumapweteka, koma sikufanana ndi kugulitsa ng'ombe kuti mugule injini.

Pofika pokonzetsa, tiyeni tiwalemekeze amakaniko athu. Ambiri anaphunzira ntchito pansi pa mtengo wa mango, ndipo ali ndi makutu amene ife tilibe. Koma ulemu suletsa kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Afunseni kuti, "Bambo, chayambitsa n'chiyani?" Kusintha ma bearing osapeza chimene chinawadya n'kungotaya ndalama. Mwina pampu ya oyilo yatha, mwina sefa ya m'sampu yatsekeka, mwina injini inatenthapo. Crankshaft iyezedwe ndi choyezera chenicheni, osati ndi chikhadabo. Ikapalidwa, imachepetsedwa pa miyezo yodziwika, monga 0.25 kapena 0.50 mm, ndipo ma bearing atsopano ayenera kukhala a muyezo womwewo. Timabowo todutsa oyilo titsukidwe bwino, chifukwa tizidutswa ta zitsulo tikatsalira timadya ma bearing atsopano pa masiku ochepa. Mabawuti a m'kati amangidwe ndi torque wrench pa mphamvu imene buku likunena, osati pongoyerekeza ndi dzanja. Ntchitoyi ichitikire pa malo osesa, pa tebulo kapena pa lona woyera, osati pa dothi pamene mphepo ikuulutsa mchenga. Pemphani zida zakale zimene zachotsedwa kuti muzione. Injini ikatha kukonzedwa, musaisenzetse katundu wolemera msanga, ndipo musinthe oyilo ndi fyuluta ikayenda makilomita pafupifupi 1,000.

Pali chinthu china chimene sitingachisiye osachitchula, popeza ili ndi tsamba la mpingo. Anthu ena, injini ikayamba kugogoda, amathiramo oyilo wolimba kwambiri kuti phokoso libisike, kenaka n'kugulitsa galimotoyo msangamsanga. Amene amagula kawirikawiri ndi mlimi mnzathu amene wasunga ndalama za thonje kapena fodya kwa zaka zingapo. Kumeneko n'kuba, ngakhale pakhale kalata yosainirana ndi mboni. Amene anaphunzira pasukulu pano akamagulitsa galimoto yodwala anene kuti ikudwala, ndipo mtengo utsike moyenera. Inu ogula, musavomere kupeza injini italizidwa kale. Ilizeni nokha ili yozizira, muiyendetse mpaka itenthe, mukwere nayo chitunda, kenaka muisiye ilire pang'onopang'ono mukuyang'ana kanyale ka oyilo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kugogoda kochuluka kumene timakumva kuno kumayamba miyezi yambiri kusanamveke, ndipo kumayambira pa zinthu zitatu: oyilo, fumbi ndi madzi. Injini yakale ya dizilo yoyenda m'misewu yathu imafuna oyilo ndi fyuluta zatsopano pa makilomita 5,000 alionse, ndipo thirakitala zambiri pa maola 250, pokhapokha buku lake litanena zina. Oyilo wa 15W-40 ndi amene amagwirizana ndi injini zambiri zotere. Mugule wa m'chigubu chomata, osati wothiridwa m'botolo la chakumwa amene simukudziwa kumene wachokera. Dizilo ndi petulo mugule pa malo amene ali ndi chilolezo cha bungwe la Energy Regulation Board, ndipo ngati mukusunga m'migolo, migoloyo ikhale yoyera ndi yotseka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi limakhala paliponse, ndipo fumbi likalowa mu injini limapala zitsulo ngati tupa. Fyuluta ya mpweya muziiona sabata iliyonse, ndipo injini isalire popanda fyulutayo ngakhale kwa tsiku limodzi. Eni zigayo akumbukire kuti ufa wouluka nawonso ndi fumbi. M'dzinja, musalowe ndi galimoto m'madzi amene simukudziwa kuya kwake. Injini ikameza madzi, pisitoni singathe kuwapanikiza, ndipo chitsulo chake chimapindika. Ikazimira m'madzi, musailizenso mpaka amakaniko ataiona. Ndipo ngati injini yanu ili ndi lamba wa timing, monga za dizilo za Hilux zakale, lambayo amasinthidwa pa makilomita 100,000 ngakhale akuoneka wabwino.

Kwa inu amene muli ndi galimoto kapena thirakitala ya gulu, vuto lalikulu si la zitsulo. Chinthu cha anthu ambiri chimayendetsedwa ndi aliyense koma oyilo wake sasinthidwa ndi aliyense. Tikukulangizani kuti mukhale ndi dalaivala mmodzi wodziwika, ndi kabuku kokhala m'galimoto momwemo kolembamo makilomita, tsiku losinthira oyilo ndi phokoso lililonse lachilendo. Pa ulendo uliwonse wolipidwa muzipatula gawo la ndalama la injini, lisanagawidwe phindu, ndipo gawolo lisabwerekedwe. Koposa zonse, gwirizanani pa msonkhano n'kulemba kuti dalaivala amene waimitsa galimoto chifukwa cha kugogoda sadzadzudzulidwa, ngakhale zitapezeka kuti inali bawuti chabe. Madalaivala ambiri amapitiriza ulendo osati chifukwa sakumva, koma chifukwa akuopa mawu a eni ake.

Ife pasukulu pano tinaphunzira mochedwa ndiponso molipira. Masiku ano, m'mawa uliwonse thirakitala isanatuluke, ophunzira awiri amayeza oyilo ndi madzi, n'kuima pambali pake mphindi zingapo akumvetsera ikulira. Tinakhazikitsanso lamulo lakuti wophunzira aliyense, ngakhale amene wabwera dzulo, ali ndi ufulu wouza mphunzitsi kuti azimitse injini. Wophunzira uja anamva bwino tsiku lija, ndipo amene tinalakwa ndife aphunzitsi ake. Zipangizo zimene tili nazo zinagulidwa ndi thukuta la mabanja ndi zopereka za akhristu, ndipo tinazilandira kuti tizisamale. Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, magalimoto adzasenza katundu woposa wa masiku onse, ndipo ena a inu mudzamva kugogoda muli pakati pa ulendo. Pa tsiku limenelo, wina akadzati "tifike kaye," mudzamuyankhe mwaulemu kuti muime kaye, muyeze oyilo, mumvetsere.